Ulusi wa Kangaude ndi Masheya a pa Chia

Padangokhala, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njala idafika ngakhale kwa nyama za m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Petulo atakwera mtengo, asodzi a chilimira adayamba kuwerenga usipa uliwonse. Kale akamakhuthula nsomba pa gombe la Sani kapena pa doko la pa boma, wogwera mumchenga ankausiya, mbalame n'kumakhuta osanyowetsa nthenga. Tsopano ana ankatola ndi wa mumchenga womwe, amayi n'kuutsuka, n'kuuyanika pa thandala. Mbalame zidayenera kubwerera kokadzisakira, zambiri zitaiwala kale kasakidwe kake.

M'mabango a pa Chia, pomwe madzi a nyanja yaing'onoyo amakumana ndi nyanja yaikulu kudzera pansi pa mlatho wa msewu wa M5, munkakhala Kangaude wina wamng'ono, wosalankhulalankhula. Tsiku lina ulusi wake umodzi udalendewera mpaka kukhudza madzi, ndipo iye adazindikira kuti ukunjenjemera mosiyanasiyana. Usipa ukamadutsa, ulusi unkanthunthumira mofulumira. Chambo chikamadutsa, unkagwedezeka pang'onopang'ono. Kampango ankaukoka kamodzi n'kusiya. Kangaude adakhala masiku ambiri osadya bwino, akuphunzira chinenero cha ulusiwo, mpaka adatha kunena ali chitsinzinire kuti nsomba zili pati, ndi zamtundu wanji, zikulowera kuti. Kenaka adaluka ulusi wina kuchokera bango ili kupita bango ilo, kuti mbalame ikangouponda ndi phazi imve uthenga wa komwe kuli nsomba. Malipiro ake adali usipa umodzi pa khumi uliwonse wogwidwa.

Ndinene poyera kuti luso la Kangaude lidali lenileni. Sadanamize aliyense. Kakowa, mayi wamasiye wa ana anayi, yemwe ankaima tsiku lonse m'madzi n'kubwerera kukhosi kuli gwa, adayamba kufika kuchisa dzuwa lisanafike paliwombo.

Vuto lidali mpamba. Kuti ulusi ufike kutali pankafunika abale ake ambiri oluka, ndipo oluka amadya. Nkhungu zimene amadyazo sizituluka m'nyanja tsiku lililonse, zimafunika kugula kwa a Chule omwe amazisunga. Apa m'pamene Kalulu adatulukira, atamva mbiri ali ku Linga.

"Achimwene," adatero Kalulu, "ngongole musatenge. Anthu ali ndi njira yawo. Kampani mumaidula m'magawo, magawowo n'kuwagulitsa. Amati masheya. Wogula sheya ndi mwini kampani mnzanu, phindu likabwera mugawana."

Adatola zigoba za nkhono 1,000, Kangaude n'kumanga kaulusi pa chilichonse kuti chisabedwe. Zigoba 400 zidatsala kwa Kangaude, 100 adatenga Kalulu pa ntchito yake yolankhula, 500 zidapita pamsika pa mtengo wa usipa wouma 5 chimodzi. Msikawo unkakhala pansi pa mlatho wa Chia usiku, ogulitsa nsomba a m'mbali mwa msewu akaweruka. Ziphaniphani zidalembedwa ntchito yolengeza mtengo: kuphanima kamodzi, usipa umodzi. Pofika Januwale zinkaphanima ka 30 pa chigoba chimodzi, ndipo usiku wina mkangano udabuka womwe nyama za pa Chia zimaukumbukabe.

Adayamba ndi Katumbu, yemwe adagula zigoba 40 tsiku loyamba. "Abale anga, ine ndinena zimene mimba yanga yaona. Kale ndinkamira ka 20 kuti ndigwire chambo chimodzi. Lero ndimira katatu. Nyanja iyi ndi yaitali makilomita oposa 500, ife tangoluka awiri okha. Taganizani ulusi utafika ku Benga, utafika ku mathiriro a Bua komwe mpasa zimakwera kukaswa, utafika ku Dwangwa. Mbalame iliyonse idzalipira. Amene akugulitsa pa 30 adzalira."

Nyama zidaomba mapiko ndi michira. Koma Nantchengwa, amene aliyense amamudziwa kuti chuma chake chonse chili m'chisa chachikulu cha mitengo ndi matope, adadikira phokoso lithe.

"A Katumbu, zoti ulusi umathandiza sindikukana. Ine ndakhala ndi Kangaude, tawerengera limodzi. Usiku wabwino kampani imalandira usipa 60. Oluka amadya nkhungu za usipa 80. Ndiye kuti kukacha kulikonse kampani yathu imakhala itachepa ndi usipa 20. Tsono inu mukuti chigoba ndi 30, zigoba zilipo 1,000. Mukunena kuti kampani yotaya usipa 20 pa usiku ndi ya usipa 30,000. Ndani pano adauonapo usipa wochuluka chotero, kupatula m'bwato la munthu?"

"Mwana amadya asanayambe kulima, a Nantchengwa," adayankha Katumbu. "Kodi mumamutaya?"

"Mwana wanga ndimamudyetsa chifukwa ndi wanga. Uyu mukundigulitsa."

Pamenepo onse adatembenukira kwa Namzeze, chifukwa iye amabwera ndi mvula kuchokera ku Ulaya ndipo amagona pa madenga a m'mizinda. Namzeze adati chaka chimenecho adatsikira ku Blantyre, komwe kuli msika wa masheya wa anthu. Adafotokoza kuti msikawo udayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani imodzi yokha, NICO, ndipo panthawiyo padali makampani 16. Kampani ya mafoni ya TNM idalowa mu 2008. Ya Airtel idalowa mu Febuluwale 2020 pa K12.69 sheya imodzi, ndipo mtengowo udali utachulukitsidwa kangapo. Kwacha itagwa, amene adasunga ndalama pansi pa mphasa adadzuka atasauka, pomwe ambiri amene adagula masheya chuma chawo chidakwera.

"Mwamva!" adakuwa Kalulu. "Makampani onyamula mauthenga! Nanga ife tikunyamula chiyani?"

"Ndisanamalize, achimwene," adatero Namzeze. "Agogo a agogo anga, omwe ankamanga chisa pafupi ndi London, adatisiyira nkhani ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu adapenga ndi makampani a intaneti. Kampani ikangotchula intaneti, ngakhale isanapezepo phindu ndi tsiku limodzi, masheya ake ankalimbiranidwa. Mu Malichi 2000 mitengo idayamba kutsika pa msika wa Nasdaq ku America, ndipo pofika Okutobala 2002 pafupifupi magawo 8 mwa 10 a mtengo wa msikawo adali atapita. Makampani ambirimbiri adatsekedwa. Okalamba adataya zimene adasungira ukalamba wawo."

Padali zii. Koma Kalulu nkhaniyo ankaidziwa mbali yake ina. "Nanga Amazon? Auzeni za Amazon, achemwali."

Namzeze adavomera kuti masheya a Amazon adagwa ndi 90 peresenti ndi kupitirira, koma kampaniyo idapulumuka, ndipo lero ili m'gulu la makampani akuluakulu pa dziko lonse.

"Basitu," adatero Kalulu. "Adalemera ndi amene sadachite mantha."

"Wapulumuka mmodzi mukumutchula dzina," adatero Nantchengwa, "akufa mazana simukuwatchula. Ndiponso a Airtel ndi a TNM nsanja zawo timaziona pa zitunda, timateranso pomwepo. Makasitomala awo ndi mamiliyoni. Mabuku awo amawerengedwa ndi akatswiri ochokera kunja kwa kampani, chaka ndi chaka amasindikizidwa m'nyuzipepala, ndipo a Reserve Bank amayang'anira msikawo. Ife mabuku athu ali kuti? Amatiyang'anira ndani?"

Funso la Nantchengwa lidali labwino, ndipo ndikadakonda likadayankhidwa. Koma lidakwiririka, chifukwa agogo a Fulu, omwe adayamba ulendo wobwera kumsonkhanowo dzulo lake, adali atangofika ndipo adapempha mpata.

"Mdzukulu wanga Kangaude, ine za mitengo sindizitsata. Ndifunse chimodzi. Ulusi umauza mbalame komwe kuli nsomba, ndamva. Nanga mbalameyo ikaponda ulusi, iwe kuno umamva?"

Kangaude, yemwe usiku wonse adali asanafunsidwe kanthu za ntchito yake yeniyeni, adasangalala. "Ndimamva, agogo. Aliyense ali ndi kapondedwe kake. Mayi Kakowa amaponda mopepuka, mwendo wamanzere umatsimphina pang'ono, ndipo amakonda bango lachitatu kuchokera pa mlatho, m'bandakucha. A Bakha amabwera ndi ana asanu ndi awiri, wotsiriza amatsalira m'mbuyo. A Katumbu akakhuta amagona pa mwala wa kumwera."

Nyama zidaseka mokondwa, zikugwedeza mitu ndi nzeru za mnyamatayo. Ziphaniphani zidaphanima ka 35. Ng'ona, yemwe adagona m'matope diso limodzi lotseka, adatsegula lachiwirilo.

Fulu sadaseke. "Mayi anga adakulira pa gombe lino masiku a Jumbe, Salim bin Abdullah, amene adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840. Adaona zombo zake zamatanga zikuwolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Adaliponso mu 1863 pomwe David Livingstone adakhala ndi Jumbe pansi pa mkuyu uja ulipobe ku mishoni, kumupempha kuti aleke, ndipo malondawo adapitirirabe zaka zina makumi atatu. Mayi ankati pa doko pankakhala phokoso ngati lanuli, anthu kukangana za nsalu, mikanda ndi mfuti. Ena obwera kudzakangana za mtengo chaka chino, chaka chamawa ana awo ndiwo ankakhala m'chombo. Tsono ine ndikafika pamsika uliwonse, ndimayamba ndafunsa kuti katundu wake ndi uti."

"Katundu ndi uthenga wa nsomba, agogo," adatero Kalulu mwaulemu wonse. "Khalani pansi mupumule, mwayenda mtunda wautali."

Kenaka Ng'ona adayasamula. "Ine ndamvetsera nonse. Mukukangana za ulusi wa kangaude. Ulusi! Dikirani mwera wa mu Juni. Chigoba chimenecho ngakhale mutandipatsa chaulere sindingachilandire." Adatero n'kumira.

Mawu a Ng'ona adatsitsa mtengo masiku awiri okha. Kalulu adanong'oneza Pusi, podziwa kuti Pusi sasunga mawu, kuti a Njovu a m'nkhalango ya Nkhotakota, aja adabwera pa malole kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017 okwana 500 ndi kupitirira, akufuna kugula zigoba zonse. A Njovuwo ali kuseri kwa mpanda wamagetsi ndipo za Kangaude adali asanamvepo, koma mtengo udafika 60, kenaka 80. Fisi adakatenga katapila. Bakha adagulitsa malo ake abwino oikira mazira. Kakowa adatapa usipa wonse umene adasunga ku banki m'khonde ya mbalame zazikazi, nagula zigoba 6, akuti ana ake asadzavutike monga adavutikira iye. Usiku uliwonse Kalulu ankatsogolera nyimbo pansi pa mlatho:

Gula lero, mawa chakwera,
Wochedwa adzatola mamba.

Akuimba choncho, zigoba zake 100 zinkatuluka ziwiriziwiri kudzera mwa Nkhanu, yemwe amayenda chammbali ndipo palibe amamufunsa komwe akuchokera.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mvula idagwa yoopsa, mtsinje wa Dwangwa udasefukira, anthu zikwizikwi adathawa m'nyumba zawo. Nyanja nayo idakwera chaka chimenecho mpaka kumiza magombe ndi nyumba za alendo za m'mbali mwake. Mabango a pa Chia adamira theka. Kangaude ndi abale ake adalukanso, usana ndi usiku. Atangomaliza, mwera udafika mu Juni monga umafikira chaka chilichonse, udaomba masiku asanu osapuma, ndipo ulusi wonse udapita.

Ziphaniphani zidaphanima ka 40, mawa lake ka 12, mkuja katatu. Fisi adathawira ku Ntchisi, eni katapila ali pambuyo. Nyama zinkalimbirana kugulitsa, ndipo wogula adalipo mmodzi yekha, Nkhasi, kamba wa m'madzi wosauka yemwe palibe adamuonapo ndi usipa woposa 10. Ankagula mwakachetechete, osatsutsa mtengo, mpaka adasonkhanitsa zigoba 300. Kakowa sadagulitse. Adati adzadikira.

Usiku wina Ng'ona adafika pa bango la Kangaude. "Mwana wanga, ndidakunyoza pagulu, koma khama lako landigwira mtima. Nawu usipa 1,000, ukadyetse oluka ako. Ubweze mwezi ukaoneka kawiri. Chikole chake zigoba 250 basi, mwamwambo chabe."

Kangaude adalandira, chifukwa abale ake adali ndi njala ndipo ankafunitsitsa kuona ulusi wake uli moyo. Mwera udaombanso mu Julayi ndi mu Ogasiti. Mwezi udaoneka kawiri, usipa wobweza padalibe. Tsiku lomwe zigoba 250 zidapita kwa Ng'ona, Nkhasi naye adabwera ndi zake 300 n'kuzitula pa mapazi a mwini wake weniweni. Zonse pamodzi 550.

Ng'ona, wapampando watsopano wa kampani, adagwira ntchito mwachangu, ndipo nyama zidamuyamikira. Adalemba oluka ena, adawadyetsa bwino, ulusi udalukidwa wolimba kuposa kale. Adalengeza kuti kuyambira tsopano uthenga wa nsomba ndi waulere, aliyense aponde ulusi mmene angafunire, ana omwe. Adakhazikitsanso lamulo limodzi laling'ono, loti mwini masheya akajomba misonkhano itatu, zigoba zake ndi nkhokwe yake ya usipa zizilowa m'kampani kuti zisaonongeke. Lidadutsa ndi mavoti 550, ndipo ena adawonjezerapo awo.

Kangaude ndiye adaona kusintha kwina. Ulusi watsopano sunkalowera kwakuya komwe kumadutsa usipa. Unkatsata gombe, m'malo omwera madzi, m'malo osambira, m'njira za ana. Ndipo madzulo aliwonse wapampando ankafuna lipoti, losanena za nsomba, lonena za mapazi: waponda ndani, pati, nthawi yanji, ali yekha kapena ayi. Kangaude adakana. Mawa lake adapeza mphwake atakhala pakati pa ukonde, pa malo ake, atamuwonjezera nkhungu. Ine mtima umandipweteka ndikafika pamenepa, chifukwa mnyamatayo adaphunzitsa abale akewo ndi manja ake, usiku wosawerengeka, akuganiza kuti akuwapatsa chodyera moyo wawo wonse.

Msonkhano waukulu wapachaka udachitika mu Disembala, anamzeze atabweranso. Pansi pa mlatho padali malo okwanira aliyense, pomwe mu Januwale ena ankaima pamsewu. Ng'ona, atanenepa mpaka khosi kusowa, adalengeza kuti kwa nthawi yoyamba kampani igawa phindu: usipa 4 pa chigoba chilichonse. Chisangalalo chidali chachikulu. Ziphaniphani zidaphanima ka 50.

Nantchengwa adaimirira. "Wapampando, pepani. Kampani siilipiritsa aliyense. Oluka achuluka, akudya kuposa kale. Phindu limeneli lachokera kuti?"

"Kayendetsedwe kabwino, a Nantchengwa," adatero Ng'ona. "Landirani gawo lanu." Koma Nantchengwa adalibe chigoba ndi chimodzi chomwe, ndipo mlembi Nkhasi adamukumbutsa kuti wopanda sheya salankhula pa msonkhano wa eni kampani.

Fulu adali ndi chimodzi, chomwe adagula pa usipa 3 kuti apeze polankhulira. "Ndifunse za anzathu. Mayi Kakowa ali kuti? Ana awo ndawapeza okha m'chisa. A Katumbu, omwe ankalankhula kwambiri mu Januwale, ali kuti? A Bakha ndikuwaona, koma ana ndikuwerenga awiri."

"Ena adasamukira ku Salima," adatero Ng'ona. "Nyengo ino nyama zikuyendayenda. Zigoba zawo tazisunga bwino, monga mwa lamulo."

Kangaude adatsika ndi kaulusi kuchokera pa chitsulo cha mlatho, akunjenjemera thupi lonse. "Abale anga, ndimvereni. Musapondenso ulusi. Ndidauluka ndine, ndikudziwa chimene ukunena ndi amene akuumvera. Usipa mwalandirawo ndi wa m'nkhokwe ya mayi Kakowa."

Padali kachiphokoso. Bakha adayang'ana usipa uli m'manja mwake, adayang'ana ana ake awiri. Koma Pusi, yemwe adagula zigoba 20 pa 70 ndipo ankadikira kuti mtengo ubwerere pomwepo, adakuwa kuti Kangaude akulankhula chifukwa cha nsanje poti adamuchotsa pa udindo, ndipo mawu oterewa agwetsa mtengo. Ena omwe adagula pa 60 ndi pa 80 adavomereza. Adavota ngati Kangaude apitirize kulankhula. Mavoti ake 150, chimodzi cha Fulu ndi zisanu za Bakha sizidakwane.

Ng'ona adapitiriza ndi mfundo yotsiriza. Chaka chikubwerachi, adatero, ulusi ufika ku mathiriro a Kaombe ndi a Bua, ndipo ukwera mtsinje mpaka kumadooko komwe nyama za kumtunda zimamwera. Nazonso zili ndi ufulu wodziwa komwe madzi ali abwino. Pofuna mpamba wa ntchitoyi, kampani itulutsa zigoba zina 1,000, ndipo yapempha katswiri wodziwa msika kuti azigulitse. Kalulu adatulukira kuseri kwa chipilala cha mlatho, ubweya uli see, n'kuwerama.

Mzere udayambika pomwepo. Kutsogolo kwake kudali Mbawala wamng'ono wochokera kumtunda, yemwe adabwera ndi msuweni wake kudzangoonerera. Adagula zigoba ziwiri, n'kufunsa mwamanyazi ngati nayenso angamve uthengawo.

"Kwaulere, achemwali," adatero Kalulu. "Mukabwera kudzamwa m'bandakucha, mungoponda apa."

"Pati kwenikweni?"

Kalulu adayang'ana uku ndi uku, adatola kamtengo kautali, nabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Adamuloza ulusiwo ndi kamtengoko, osaukhudza, n'kuitana wotsatira.